Adès, Lutosławski ndi Become Ocean pa 24/96: chimbale chiti chikuyenera bandulo yanu kuno ku Thyolo

Ola limodzi la nyimbo za okestra pa mlingo wapamwamba wa 24-bit/96 kHz (mwachidule 24/96) limadya pafupifupi 1 GB likakhala mu FLAC, mtundu wa fayilo wofinya nyimbo osataya mawu. Ola lomwelo pa mlingo wa CD, 16-bit/44.1 kHz, kawirikawiri silipitirira 350 MB. Kwa munthu wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe amene amagula bandulo ya Airtel kapena TNM ndi ndalama ya m'thumba, kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndiye m'pofunika kudziwa chimene mukulipira musanayambe kutsitsa. Maganizo athu ndi akuti pa nyimbo zamakono za okestra, woimbitsa ndi holo yojambuliramo ndiwo amasintha zomwe khutu limamva. Manambala a fayilo amabwera pambuyo.

Poyerekeza zimbale, zida zikhale zimodzimodzi: laputopu yoyendera batire, DAC ya USB (kachipangizo kosandutsa fayilo kukhala mawu opita ku mahedifoni), mahedifoni a waya otseka makutu, ndi pulogalamu yoimbira nyimbo ya foobar2000. Chachikulu ndi kulinganiza voliyumu ndi ReplayGain, chida cha m'pulogalamuyi chofananitsa kukwera kwa mawu, musanaweruze, chifukwa chimbale chokwera mawu pang'ono chabe chimamveka ngati chokoma kuposa chinzake. Zili ngati olawa tiyi ku maesiteti kuno: kapu yofanana, madzi ofanana, mphindi zofanana, kenako n'kunena kuti tsamba labwino ndi liti.

Poyambira pabwino ndi Asyla ya Thomas Adès, yomwe Simon Rattle anaiimbitsa koyamba mu 1997 ndi City of Birmingham Symphony Orchestra, ndipo inapata mphoto ya Grawemeyer mu 2000. Chimbale cha Rattle chinatuluka pa CD ya kampani ya EMI mu 1999. Mu 2017 LSO Live, kampani ya zimbale ya London Symphony Orchestra (LSO), inatulutsa china, Adès mwini wake akuimbitsa okestra imeneyi mu holo ya Barbican ku London, ndipo ichi chilipo pa SACD (mtundu wa CD wa mlingo wapamwamba) komanso pa 24/96.

Nyimboyi imayamba ndi mabelu a ng'ombe komanso piyano yachiwiri yochunidwa motsika dala, mwakuti siigwirizana ndi inzake. Kwa Adès zonsezi zimamveka pamalo pake. Mungathe kuloza kumene belu lili, kumene piyano yotsikayo ili, ndi pamene malipenga akulowera. Chifukwa chake si 96 kHz ayi. Barbican ndi holo youma, mawu satenga nthawi kuzilala, ndipo maikolofoni amayikidwa pafupi ndi oimba. Phindu lake ndi kumveka bwino kwa chida chilichonse, koma mtengo wake ndi wakuti mavayolini akakwera pamwamba amauma, nthawi zina mpaka kulasa khutu pa mahedifoni owala mawu. Kwa Rattle zida zimasakanikirana kwambiri, mwina mpaka zina kubisala, koma phokoso lonse limakhala ndi mpweya wozungulira.

Pamene awiriwa amasiyana zenizeni ndi gawo lachitatu, Ecstasio, lomwe linachokera ku nyimbo za m'malo ovinira usiku. Ng'oma yaikulu imagunda mosalekeza, magulu a zida akubwereza timizere tawo tosalingana kutalika. Adès amagwira liwiro mwamphamvu, sakulola kuti lithawe, ndipo mumamva mmene nyimboyo inamangidwira mzere ndi mzere. Rattle amaikankha. Ukafika pachimake umamva kuti zinthu zatsala pang'ono kuphulika, ndipo mantha amenewo ndiwo mtima wa gawoli. Pa Ecstasio, CD ya 1999 ikuposa fayilo ya 24/96, ndipo tikunena izi popanda kukayika. Pa gawo lachiwiri, pomwe oboe yaikulu ya mawu otsika imaimba nyimbo yake yayitali yachisoni, Adès ndiye akupambana, chifukwa kupuma kwa woimba ndi kunjenjemera kwa zingwe kumbuyo kwake zimamveka zonse.

Chimbale cha LSO chilinso ndi Tevot ndi Polaris. Tevot inalembedwera Berlin Philharmonic mu 2007, ndipo Rattle anaijambula ndi okestra imeneyo. Kumapeto kwake kodekha, zingwe za ku Berlin zili ndi kulemera komwe London siikufikako m'holo youma ija. Polaris ili ndi magulu a malipenga omwazidwa m'holo mozungulira omvera, ndiye pa masipika awiri kapena mahedifoni mumangomva mbali ya cholinga chake. Wokhala ndi makina a SACD a masipika asanu ndiye angaipindule mokwanira, ndipo otere kuno ndi owerengeka.

Symphony No. 3 ya Witold Lutosławski, yomwe Georg Solti anaiyambitsa ku Chicago mu 1983, ndi nyimbo imene woimbitsa amaoneka poyera kuposa ina iliyonse pano. M'zigawo zambiri iye saonetsa kugunda. Amangopereka chizindikiro choyambira, woimba aliyense n'kumayenda pa liwiro lake mpaka chizindikiro china. Kutalika kwa chipwirikiti chimenecho, ndi nthawi yochidulira ndi noti ya E yomenyedwa kanayi, zili m'manja mwa woimbitsa. Edward Gardner ndi BBC Symphony Orchestra, pa chimbale cha kampani ya Chandos mu 2010, amapatsa nyimboyi mtundu ndi kutentha, ndipo kajambulidwe kake n'kotakata ngati wakhala pakati pa holo. Hannu Lintu ndi Finnish Radio Symphony Orchestra, pa chimbale cha kampani ya Ondine, ndi wakuthwa. Timawu ta zitoliro ndi zingwe tomwe kwa Gardner timasungunuka kukhala mtambo umodzi, kwa Lintu timamveka tokha tokha, ndipo ma E aja amagwa mwankhanza. Woyamba kumene nyimboyi atenge Gardner. Amene akufuna kumva mmene Lutosławski anailukira atenge Lintu, ndipo pa zonse zomwe tatchula, ichi ndicho chimbale chomwe sitingadandaule kuonongera 1 GB. Chimbale chomwe mwini nyimbo anajambula ndi Berlin Philharmonic pa Philips n'cha mlingo wa CD, koma n'choyenera kumvedwa kuti mudziwe kutalika komwe iye ankafuna pa zigawo zomasuka zija.

Become Ocean ya John Luther Adams, yojambulidwa ndi Seattle Symphony ndi Ludovic Morlot pa Cantaloupe Music mu 2014, inapata mphoto ya Pulitzer chaka chomwecho. Ndi mphindi 42 za mafunde a mawu, okestra itagawidwa m'magulu atatu, onse n'kukumana katatu pachimake. Imayamba pansi penipeni, motsika kwambiri. Pa sipika ya foni kapena ka Bluetooth kakang'ono mudzaganiza kuti fayilo yafa, chifukwa mawu otsikawo sizingawatulutse. Apa ndalama ipite ku mahedifoni kaye, osati ku fayilo yaikulu.

Nkhani ya 24-bit ndi ya mtunda wa pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwereretsa. CD imakwana 96 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), 24-bit pa pepala imafika 144 dB. Chipinda chabata usiku chili kale ndi phokoso la pafupifupi 30 dB, ndipo palibe amamvera kupitirira 100 dB osavulaza makutu. Malo otsalawo CD imawakwanitsa. Mvula ya Januwale ikamagwa pa malata, zigawo zodekha za Tevot zimasoweratu, kaya fayilo ndi yotani. Mukafuna umboni, tengani fayilo ya 24/96, ichepetseni kufika pa 16/44.1 ndi pulogalamu ya SoX, kenako yesani zonse ziwiri ndi ABX ya foobar2000, mayeso oti mulote fayilo yomwe ikuimba, maulendo 16 osaona dzina. Kulondola 8 ndi mwayi chabe.

Zolakwika zambiri zimachokera ku zida. Bluetooth wamba ya SBC imanyamula pafupifupi 328 kbps, pomwe 24/96 yosafinyidwa ndi 4,608 kbps, ndipo ngakhale Bluetooth yapamwamba ya LDAC imathera pa 990. Mafoni ambiri a Android amasintha mawu onse kukhala 48 kHz pokhapokha mugwiritse ntchito pulogalamu ngati USB Audio Player Pro. Apple Music ilipo ku Malawi ndipo ili ndi 24/192, koma pa iPhone chilichonse choposa 48 kHz chimafuna DAC yakunja. Magetsi akazima n'kuyatsa inveta yotchipa yosatulutsa magetsi osalala (pure sine wave), ampulifaya imalira mng'ung'udza womwe umaphimba chiyambi chonse cha Become Ocean, choncho zulani chaja n'kumvera pa batire. Nyengo ya chiperoni chinyezi chimabweretsa chuku pa zikopa za mahedifoni ndi dzimbiri pa mapulagi, ndiye muzisunge m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel.

Pogula ku masitolo a pa intaneti monga Presto Music pamafunika khadi yololedwa kulipira kunja, ndipo zimbale zina sizigulitsidwa m'maiko onse, choncho onani kaye musanalipire. Tsitsani nyimbo imodziimodzi, osati zip ya chimbale chonse, chifukwa netiweki ikadukira pa 900 MB mungayambenso pachiyambi. Mukamaliza tsegulani fayilo mu Spek, pulogalamu yoonetsa mawu a m'fayilo pa chithunzi. Ngati mawu adulidwa mowongoka pa 22 kHz ndipo pamwamba palibe kanthu, ndiye kuti mwagula CD yongokulitsidwa, ndipo muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti akubwezereni ndalama.