Ndemanga: telesikopu yaing'ono yoonera dzuwa, nditaigwiritsa ntchito ku Kasungu

Aphunzitsi anzanga a Physics mwakhala mukufunsa ngati telesikopu ya H-alpha imene ndinaitanitsa kunja ikugwirizana ndi ndalama zake. Ndaigwiritsa ntchito ndi ophunzira kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula yoyamba, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Koma ndi ya munthu wodekha. Wopupuluma adzaibweza m'bokosi akudandaula kuti anamudyera ndalama.

Ndi kachipangizo kopepuka, galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 40 basi. Chodula ndi sefa ili m'kati. Imatchinga pafupifupi kuwala konse kwa dzuwa n'kungolola kofiira kochokera ku mpweya wa hayidirojeni, kotchedwa H-alpha, kwa pa mananomita 656.3. Kuwala kumeneku kumatuluka mu chromosphere, chigawo cha mpweya chochindikala makilomita pafupifupi 2,000 chimene chakuta nkhope yowala ya dzuwa. Ndi maso chigawochi chimaoneka pa kadamsana wathunthu yekha, kwa timasekondi towerengeka. Amene anali ku Lusaka pa 21 June 2001 anali nawo mwayi umenewo, pamene ife kuno dzuwa silinabisike lonse. Tsono kukhala ndi chinthu chokuonetsa chigawo chimenechi m'mawa uliwonse kukacha bwino si nkhani yaing'ono.

Mukasuzumira koyamba mudzangoona mpira wofiira wopanda kanthu. Musataye mtima. Fundani chitenje kumutu kuti kuwala kwa m'mbali kusakusokonezeni, konzani fokasi, kenako tembenuzani pang'onopang'ono mkombero wochunira sefa. Diso nalo limachita kuphunzira. Pakapita mphindi zingapo, m'mphepete mwa dzuwa mumayamba kutuluka malilime ofiira amene akatswiri amawatcha prominence, ena atapindika n'kubwereranso pansi. Ndi mpweya umene wanyamulidwa ndi mphamvu ya maginito a dzuwa, ndipo ambiri amaposa dziko lathuli kukula. Akakhala pakati pa nkhope ya dzuwa amaoneka ngati mizere yakuda yokhotakhota. Pafupi ndi mawanga akuda pamakhala zigamba zowala, pamene maginito aunjikana kwambiri. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti zonsezi sizikhala chikhalire. Lilime limene mwaliona mamawa, pofika nthawi ya buleki mupeza lasintha. Ophunzira anga amajambula ndi pensulo tsiku ndi tsiku, ndipo anadzipezera okha kuti mzere wakuda umayenda kuchoka mbali ina kufika mbali ina pa masabata awiri, kusonyeza kuti dzuwa limazungulira.

Phindu lenileni ndaliona pa funso la kutentha. Nkhope ya dzuwa imatentha madigiri pafupifupi 5,500. Mukakwera pang'ono kutentha kumatsika kufika cha m'ma 4,000, monga aliyense angayembekezere. Kenako, m'malo mopitiriza kutsika, kumayambanso kukwera: kumtunda kwa chromosphere kumafika cha m'ma 20,000, ndipo mu corona, chigawo chakunja kwenikweni cha mpweya wa dzuwa, kumapitirira 1,000,000. Kale ndikalemba manambala amenewa pabolodi ana ankangokopera. Pano amafunsa okha kuti, "Aphunzitsi, nanga mphamvuyo ikuchokera kuti?"

Ndimawauza njira ziwiri zimene akatswiri akuzifufuza. Yoyamba ndi mafunde. Pansi pa nkhope ya dzuwa mpweya umabwata, ndipo kubwatako kumatumiza mafunde m'mwamba, ena a phokoso, ena oyenda motsata mizere ya maginito. Mpweya umanka nupyapyala mukamakwera, choncho funde limene linayamba mofatsa limakula n'kusweka, mphamvu yake n'kusanduka kutentha. Mwana wa ku Kasungu amamva msanga ndikamukumbutsa mkwapulo wa woyendetsa ngolo: dzanja limangogwedeza pang'ono kumene kuli kokhuthala, koma kunsonga yopyapyala n'kumene kumalira. Njira yachiwiri ndi ya maginito enieniwo. Mizere yake imapotana chifukwa cha kubwata kuja, mpaka imaduka n'kulumikizana mwatsopano, ndipo mphamvu imene inasungidwa imatuluka mwadzidzidzi. Zikachitika pamlingo waukulu ndiye flare, ndipo zoterezi zimatikhudza ndithu: mu March 1989 namondwe wochokera kudzuwa anazimitsa magetsi ku Quebec, m'dziko la Canada, kwa maola pafupifupi 9. Kuti njira iliyonse imapereka gawo lotani, nkhaniyo ikadali pa kafukufuku. N'chifukwa chake bungwe la ku America la NASA linatumiza setilaiti yofufuza dzuwa ya IRIS mu 2013, ndipo ku Hawaii anamanga telesikopu ya Daniel K. Inouye ya galasi la mamita 4.

Apa ndinene mosabisa kuti kachipangizo kathuka sikayeza kutentha, ndipo timalilime tating'ono totchedwa spicule, timene katswiri wa zakuthambo Angelo Secchi anatifotokoza mu 1877, simudzationa kamodzikamodzi. Mpweya ukadekha, m'mphepete mwa dzuwa mumangooneka manyawinyawi. Amene akufuna zithunzi zonga za pa intaneti akhumudwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. M'bokosi munalibe miyendo yoikapo. Ndinayamba ndi ya kamera, koma mwera wa mu June ndi July unkaigwedeza mpaka ndinachita kupachika thumba la mchenga pakati. Sefa imaonetsa bwino pakati pokha, ndiye chimene mukufuna kuona muyenera kuchibweretsa pamenepo, uku dzuwa likuyenda n'kumathawa m'galasi. Kujambula ndi foni n'kovuta, nthawi zambiri mumatuluka chibanthu chofiira chopanda tsatanetsatane. Komanso amaona ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo mukudziwa kukula kwa makalasi athu. Ndimawatenga m'timagulu, ena akujambula, ena akudikira pamthunzi. Za mtengo ndiye musanene, ndalama zakunja ndi msonkho zikalowapo.

Nthawi yabwino kuno ndi m'mawa, pansi pasanatenthe. Ikani pa udzu wa bwalo la mpira, kutali ndi madenga a malata, chifukwa mpweya wotentha wochoka pamalata umavinitsa chithunzi. Kuyambira May mpaka August kumwamba kumayera bwino. September ndi October utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimafooketsa malilime aja, ndipo fumbilo ndi mdani wa galasi. Vundikirani mukangomaliza, ndipo musapukute ndi nsonga ya malaya.

Chonde, aphunzitsi anzanga, pa ichi musanyengerere. Telesikopu wamba kapena mabainokyula osalozetsa kudzuwa ngakhale kamphindi, diso limapsa osamva kuwawa. Galasi lodetsedwa ndi mwaye, magalasi akuda a m'maso, ngakhale sefa ya H-alpha yojambulira nyenyezi usiku, zonsezi siziteteza. Ineyo ndimayendera chipangizochi ndisanalole mwana kusuzumira, ndipo sindichisiya pabwalo popanda wamkulu.

Dzuwa limakangalika ndi kufatsa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Mu October 2024 NASA ndi NOAA, bungwe la ku America loona za nyengo, analengeza kuti lafika pachimake, ndiye zaka zikubwerazi mawanga ndi maflare azinka nachepa, ngakhale malilime sasoweratu. Kwa sukulu imodzi mtengo wake ndi wolemera, koma masukulu oyandikana atasonkherana n'kumabwerekana, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Ngati thumba likulola, tengani ya mamilimita 50 kapena 60, ndipo muitanitsire limodzi miyendo yolimba.