Ulendo wa ku Chongoni: malo ndi osiririka, koma kampani yokonza ulendowu iphunzitse antchito ake

Ndinalipira ulendo wa tsiku limodzi umene kampani ina inalengeza pa Facebook, wochoka ku Lilongwe kukaona zojambula zapamiyala ku Chongoni m'boma la Dedza, ndipo ndinatenga mwana wanga wa Fomu 1 amene akuphunzira za anthu akale. Za minibasi imene inatipeza titadikira maola awiri sindinenapo kanthu.

Chandilembetsa ndemangayi ndi chimene anachita mnyamata amene kampaniyi inatipatsa kuti atiperekeze. Titafika paphanga la ku Chentcherere, mayi wina wa m'gulu lathu anadandaula kuti zojambula zofiira sizikuoneka bwino pafoni yake. Mnyamatayo anatsegula botolo lake la madzi, nathira pathanthwe, n'kuyamba kupukuta ndi chikhatho kuti utoto uwale. Ndinamugwira dzanja anthu onse akuona, iye n'kundiyankha kuti, "Bambo, musadandaule, timatero nthawi zonse." Mawu akuti nthawi zonsewo ndi amene anandiwawa kwambiri, chifukwa zojambula zofiirazi anazisiya ndi Akafula, alenje amene ankakhala m'mapangamu akugwiritsa ntchito zipangizo zamiyala alimi osula chitsulo asanafike, ndipo zakhalapo zaka mazanamazana chifukwa denga la thanthwe limazitchinga ku mvula. Bungwe la UNESCO linaika dera lonseli, lomwe lili ndi malo 127 a zojambula, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, koma munthu wolipidwa kuti ationetse ndiye amene akuzifufuta, ngati kuti maina amene anthu osasamala analembapo ndi makala sakukwanira.

Mwana wanga atamufunsa mnyamatayo kusiyana kwa zojambula zofiira ndi zoyera, anangoti zonse ndi za makolo.

Anatipulumutsa ndi agogo ena a m'mudzi wapafupi amene ankadutsa ndi nkhwangwa paphewa. Iwo anatilozera kuti mizere ndi zozungulira zofiirazo ndizo zakale, ndipo zoyerazo, zooneka ngati buluzi wotambasula miyendo, anazipaka ndi Achewa pambuyo pake ndi dothi loyera kuchala, pophunzitsa atsikana m'chinamwali. Nditafunsa tanthauzo lake anaseka, nati zimenezo ndi za anamkungwi, mwamuna safunsa. Anatikumbutsanso chifukwa chake Akafula amatchedwa Amwandionerapati, kuti pokhala anthu aafupi ankafunsa mlendo kuti "mwandionera pati?", ndipo wanzeru ankayankha kuti wawaonera patali. Mwana wanga anadzaza masamba awiri a kope lake ndi mawu a agogowa, amene sanatipemphe ngakhale tambala.

Ndinene zoona, mtima wanga unatsika pobwerera. Mnyamata uja anamvetsera agogowo mwachidwi kuposa tonsefe, ndipo m'minibasi anadzakhala pafupi nane n'kupepesa, nandiuza kuti iye analembedwa ngati kondakitala ndipo palibe amene anamuuzapo chilichonse cha malowa. Choncho mlandu ndauchotsa pa iye n'kuuika pa abwana ake, amene amatolera ndalama za anthu koma osalemba munthu wa m'deralo wodziwa mbiri yake. Chakudya chamasana chinali chabwino, ndipo dalaivala anayendetsa mosamala mumsewu wafumbi.

Ndikupereka nyenyezi ziwiri. Ndikanapereka zitatu, koma ku Namzeze, kumene kuli zojambula za zilombo za Nyau ndipo kunalembedwa pandondomeko ya ulendo, sitinafikeko chifukwa cha kuchedwa kwam'mawa kuja, ndipo uthenga umene ndinatumiza ku ofesi yawo pa WhatsApp wofunsa za gawo la ndalama zathu anauwerenga Lolemba koma sanayankhebe.