Massey Ferguson 240 yogwirapo kale ntchito: ndalimira nyengo ziwiri

Ndili ndi munda wa maekala 18 ku Mchinji, cha ku Kamwendo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadalira thalakitala yahayala. Aliyense wolima akudziwa mmene zimakhalira: umalipiriratu mu Seputembala, mwini wake n'kutulukira mvula itagwa kale katatu, anzako chimanga chitamera. Mu 2023 ndinatopa nazo. Ndinagulitsa soya, ng'ombe ziwiri ndi kagalimoto kanga, n'kugula Massey Ferguson 240 kwa bambo wina amene ankasiya ulimi. Ndinalipira mu Okutobala, ndipo mwezi wotsatirawo kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndikanazengereza pang'ono, bwenzi ndikadali pa mzere wa hayala.

Chimene ndinaikondera ndi injini. Ndi Perkins ya dizilo ya masilinda atatu, ya mtundu womwewo umene unali mu Massey Ferguson (MF) 135 yakale ija, ndipo mphamvu zake zimayandikira mahosipawa 50. Ilibe kompyuta, ilibe zamagetsi zozunguza mutu. Makaniko wa pa msika amaimasula pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala wamba. Masipeya sasowanso ku Lilongwe, chifukwa mtundu umenewu kampani ya Millat ku Pakistan yakhala ikuupanga kwa zaka zambiri. Dizilo imamwa mwaulemu. Nthawi ija mafuta anasowa kumapeto kwa 2024, anthu akugona pa mafilingi siteshoni, zigubu zochepa zomwe ndinapeza zinandikwanira kumaliza munda wonse.

Tsiku logula ndinapita ndi makaniko, ndipo ndalama imene ndinamulipira sindiidandaula. Anakakamira kuti tifike m'mamawa injini isanalizidwe. Atafika anayamba wagwira injiniyo ndi dzanja kuti aone ngati ili yozizira, chifukwa ogulitsa ena amaitenthetseratu kuti ilire msanga. Inalira kamodzi, utsi woyera n'kutha posachedwa. Ukakhala wabuluu wosatha, akuti ikudya oyilo, uthawe. Kenako anakweza pulawo m'mwamba, n'kuzimitsa injini, ife n'kukhala pansi kumadya chinangwa. Patatha mphindi khumi pulawo ija inali itatsika pafupifupi kugunda pansi. “Bwana, haidiroliki yatopa iyi,” anatero, mwini wake ali pomwepo. Mtengo unatsikira pamenepo.

Wotchi yowerenga maola musaikhulupirire. Yanga inkaonetsa maola ochepa ngati ya dzulodzulo, chonsecho chopondera kilatchi chinali chitaperepeseka mpaka kusalala ngati supuni. Tinapeza kuti chingwe cha wotchiyo chinaduka kalekale.

Pamene ndinalakwitsa ine ndi pa matayala. Akumbuyo mano ake ankaoneka abwino, koma m'mbali anali ndi ming'alu ya dzuwa, poti thalakitalayi inkagona panja. Limodzi linaphulika sabata yachitatu, tili pakati pa munda. Mtengo wa tayala limodzi lakumbuyo unandiumitsa pakamwa, ndipo ndalama yomwe ndinasungira feteleza wobereketsa inathera pomwepo. Mayi a kunyumba sanandilankhule bwino masiku angapo. Onjezani pamenepo batire, mafyuluta onse, oyilo wa injini ndi wa giya, komanso kukonza pampu ya haidiroliki ija. Zonsezi si vuto la kapangidwe kake, ndi ukalamba ndi kusasamala kwa amene anali nayo. Koma ngati ndalama yanu ikungokwanira thalakitala yokha, ndiye kuti sinakwane.

Pa ntchito, pulawo ya madisiki awiri imakoka bwinobwino ngakhale pa nthaka youma ya Okutobala. Ndinayesapo ya madisiki atatu ya mnzanga pa katondo, inalira momvetsa chisoni, matayala akungopalasa. Imakoka ndi akumbuyo okha, choncho kudambo mvula ikakhazikika musapiteko. Ine anandizula ndi ng'ombe za aneba, ana akuseka. Ilibenso denga, moti dzuwa ndi fumbi ndi zako. Ndinawotcheretsa kadenga ka malata pa Kamwendo pomwepo.

Ngolo ndiye yabweza ndalama zambiri kuposa pulawo. Nthawi yokolola ndimatuta chimanga ndi mtedza wa anthu, chilimwe njerwa ndi mchenga. PTO ya thalakitalayi, chitsulo chakumbuyo choyendetsera makina ena, imazungulira ka 540 pa mphindi, ndipo chaka chino ndailumikiza ku makina otongolera chimanga.

Kwa munthu wa maekala 10 kufika 30, amene ali ndi makaniko womudalira pafupi, ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Wa munda woposa pamenepo kapena wa dothi lolimba kwambiri ayang'ane MF 290 kapena 375, za masilinda anayi. Ine chatsala ndi rija youngira mizere, chifukwa mizere tikuungabe ndi makasu.