Ziboliboli za Anthu a Mtundu wa Inuit: Mphatso Imene Canada Imapatsa Alendo Ake

Abale anga kumudzi, kuno ku Canada makampani ndi maofesi a boma akafuna kulemekeza mlendo, kaya ndi kazembe, nduna ya dziko lina kapena mkulu wa kampani amene asayinirana naye mgwirizano, kawirikawiri amamupatsa chiboliboli cha mwala chosemedwa ndi anthu a mtundu wa Inuit. Anthuwa kwawo ndi kumpoto kwenikweni kumene mitengo simera, makamaka ku Nunavut, dera limene linakhazikitsidwa mu 1999, komanso kumpoto kwa Quebec ndi ku Labrador. Pa kampani imene ndimagwira ntchito mu mzinda wa Ottawa, ine ndi amene ndimatumidwa kukagula mphatso zoterezi, ndipo ntchitoyi ndimaitenga ndi manja awiri.

Chimene mabwana amakonda kwambiri ndi chimbalangondo chovina, choimirira ndi mwendo umodzi, miyendo yakutsogolo itatambasuka. Ukachinyamula chimalemera kuposa mmene maso amaganizira, chimazizira m'manja, ndipo mwala wake wobiriwira moderako umanyezimira chifukwa wosema anaupala ndi tupa n'kuusalaza ndi sandipepa. Wogulitsa wodziwa ntchito amachitembenuza n'kukuonetsa kunsi kwake, kumene wosemayo anazokota dzina lake, nthawi zina m'zilembo za chinenero chawo cha Inuktitut. Pa ziboliboli zina zakale pali nambala yoyamba ndi chilembo cha E m'malo mwa dzina, chifukwa kwa zaka zambiri boma linkawadziwa anthuwa ndi manambala olembedwa pa timabaji tozungulira tovala m'khosi. Nkhani imeneyi imandipweteka mumtima, ndipo n'chifukwa chake sindilandira chiboliboli chimene mwini wake sakudziwika.

Kusema miyala si kwachilendo kwa anthuwa, pakuti makolo awo ankasema nyale yotchedwa qulliq, imene amayi ankayatsa ndi mafuta a nyama zam'nyanja pophika ndi pofunditsa nyumba. Malonda ake ndi amene anabwera mochedwa. Mu 1948 James Houston, katswiri wojambula zithunzi wa ku Canada, anafika ku Inukjuak, mudzi wa anthuwa kumpoto kwa Quebec, n'kubwerako ndi tiziboliboli, ndipo chaka chotsatira zosema zoterezi zitaonetsedwa ku Montreal anthu anazigula mwachangu. Mu 1959 anthu a ku Cape Dorset, kumene tsopano kumatchedwa Kinngait, anayambitsa kopaletivi yawo imene imagula zosema kwa eni ake mpaka lero. M'midzi imene ntchito zolembedwa n'zosowa, ndipo chakudya chimabwera pa ndege kapena pa sitima yapamadzi n'kumagulitsidwa mokwera mtengo zedi, ndalama ya chiboliboli ndi imene imadyetsa mabanja ambiri.

Vuto lalikulu ndi zachinyengo. M'masitolo a alendo odzaona malo mwadzaza zimbalangondo zoumbidwa ndi makina zimene munthu wa mtundu wa Inuit sanazikhudzepo n'komwe, ndipo kampani yofuna zotchipa ikhoza kupatsa mlendo chinthu chabodza m'dzina la ulemu. Pofuna kuthana ndi zimenezi, boma linayambitsa mu 1958 kachikalata kotchedwa Igloo Tag, kotsimikizira kuti chosemacho n'chenicheni, ndipo mu 2017 linapereka ulamuliro wa chizindikirochi ku bungwe la Inuit Art Foundation. Ine ndimaonetsetsa kuti kachikalatako kalowa m'bokosi la mphatso, pamodzi ndi dzina la wosema ndi mudzi wake, kuti mlendo akafika kwawo adziwe amene anatuluka thukuta. Ndikamamanga bokosilo ndimakumbukira osema mipando ya mafumu m'mbali mwa misewu ya kwathu, amene ntchito yawo yokongola imawoloka nyanja popanda dzina lawo, ndipo ndimakhulupirira kuti nawonso akuyenera chizindikiro chotere.

Pali chinthu china chofunika kusamala posankha. Osema ena amagwiritsa ntchito mafupa a namgumi kapena minyanga ya nyama zam'nyanja, koma lamulo la United States la mu 1972 loteteza nyamazi limaletsa kulowetsa zinthu zotere m'dzikolo. Choncho mlendo akakhala wochokera kumeneko, ndimasankha chosema cha mwala wokhawokha, kuti mphatso yake isakalandidwe pa chipata cholowera m'dziko lake.