Romeo and Juliet la Folger: muliwerenge ndi pensulo m'manja

Mwa mabuku a Romeo and Juliet, sewero la William Shakespeare, omwe ali pamsika, la Folger Shakespeare Library, lokonzedwa ndi Barbara Mowat ndi Paul Werstine, ndi limodzi mwa osavuta kugwiritsa ntchito. Mawu a sewero ali patsamba lakumanja, matanthauzo ake patsamba lakumanzere, moyang'anizana. Simuchita kusanthula kumapeto kwa buku. Mukafika pa 2.2 (chigawo chachikulu 2, gawo 2), diso likangoponyedwa kumanzere mupeza kuti "wherefore" ndi "chifukwa chiyani". Juliet sakufunsa komwe Romeo ali ayi, akudandaula kuti bwanji ndi mwana wa kwa Montague, adani a banja lake la Capulet. Ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa.

Phindu lenileni libwera mukamalemba masiku m'mphepete mwa tsamba, chifukwa chomwe chikupha ana awiriwa ndi phuma. Lamulungu usiku akumana kuphwando la Capulet, Romeo atangotsala pang'ono kufa ndi chikondi cha mtsikana wina, Rosaline, m'mawa womwewo. Lolemba wansembe Friar Lawrence awadalitsa ukwati mobisa. Dzuwa lisanalowe, Tybalt, mbale wa Juliet, wabaya Mercutio, mnzake wa Romeo, Romeo akuleretsa, Romeo wabwezera popha Tybalt, ndipo amupirikitsa mumzinda wakwawo wa Verona. Juliet yemweyu zaka 14 sanakwanitse. M'ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562, komwe Shakespeare adatenga nkhaniyi, zonsezi zimatenga miyezi ingapo. Shakespeare adazipanikiza m'masiku osakwana sabata.

Ikani chizindikiro chachikulu pa 4.2. Apa Capulet, bambo ake a Juliet, posangalala kuti mwana wake wagonja, asuntha ukwati wa Juliet ndi Paris, mwamuna yemwe adamusankhira, kuchoka Lachinayi kubwera Lachitatu. Juliet ndiye amwa mankhwala ogoneka maola 42, omwe Friar Lawrence adamupatsa kuti aoneke ngati wafa, tsiku limodzi msanga. Kalata yomufotokozera Romeo zimenezi ku Mantua, komwe adathawira, siifika, poti Friar John, yemwe adatumidwa nayo, amutsekera m'nyumba pomukayikira kuti ali ndi mliri. Balthasar, wantchito wa Romeo, ndi amene afika ndi uthenga wa maliro, ndipo Romeo, osayamba wafunsa kwa ansembe, agula poizoni ndi ndalama za ducat 40. Akadadekha mphindi zochepa m'manda muja, akadamuona mkazi wake akudzuka. Mupeza kuti akuluakulu nawo ndi opupuluma: wansembe yemwe pa 2.3 akuchenjeza za kuthamanga ndi yemweyo akuvomera ukwati pasanathe tsiku.

Zofooka zilipo. Chiyambi cha gawo lililonse chili ndi chidule cha zochitika, ndipo waulesi amangodya chidulecho n'kulumpha mawu enieni. Pamayeso zimaonekera, chifukwa chidule chimanena zomwe zachitika koma sichionetsa mantha a Juliet pa 4.3 asanamwe mankhwala. Chiphimbeni ndi kapepala mpaka mutamaliza gawolo. Matanthauzo nawo ndi afupiafupi, a m'Chingerezi. Ofuna kuzama pa kusiyana kwa mabuku oyamba a 1597 ndi 1599 angachite bwino kupeza buku lina la seweroli, la Arden Shakespeare. La Folger laling'ono lachikuto chofewa lili ndi mapepala opyapyala, choncho inki yonyowa imatha kuonekera kuseri.

Mawu a seweroli aliponso ulere pa webusaiti ya Folger, koma tsamba lakumanzere lija mulibe. Ngati m'kalasi ena ali ndi buku la kampani ina, gwirizanani kaye za manambala a mizere, chifukwa amasiyana makamaka m'magawo omwe si ndakatulo, monga nthabwala za antchito a Capulet pa 1.1.