Kalasi ya Chijeremani ya pa Chitakale: ndalama yathu sinalowe m'madzi, koma pali zoti mudziwiretu

Chipitireni mng'ono wanga ku Germany anthu sakundipatsa mpata, pamsika, kutchalitchi, ngakhale mu minibasi yopita ku Limbe munthu amangoyamba kuti achemwali tatiuzeni munadutsira kwa ajenti wanji, munalipira zingati. Ndiye ndati bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Ife sitinadutse kwa ajenti aliyense. Chomwe tinalipira ndi kalasi ya Chijeremani yomwe amaphunzitsa mayi ena kuno ku Mulanje, pa Chitakale, kachipinda kakuseri kwa golosale, ndipo ndikufuna ndinene za kalasi imeneyi momwe ndinaionera ine amene ndimatulutsa ndalama mwezi ndi mwezi, zabwino zake ndi zondiwawa zake.

Mayiwa anakhalako ku Germany zaka zambiri, anabwerera kumudzi, ndiye anatsegula kalasiyi. Ana onse amangowaitana kuti madamu. Tsiku loyamba tinapita awiri, munali mu February 2023, ine ndili ndi mafunso anga m'mutu onse okhudza viza ndi ntchito, chifukwa kunena zoona ine ndimaganiza kuti tikalipira fizi basi pakatha miyezi itatu mwana akwera ndege. Madamu anandikhazika pa benchi nkundiuza mosapsatira kuti, amayi, ine ndimagulitsa chiyankhulo, sindigulitsa viza, sindigulitsa ntchito, amene angakuuzeni kuti ali ndi viza m'thumba mwake mumuthawe. Ndinakhumudwa tsiku limenelo, ndinabwerera kunyumba ndikuona ngati ndataya tsiku. Koma lero ndikaona atsikana awiri a kwathu kuno omwe makolo awo anagulitsa munda wa zinanazi nkupereka ndalama kwa munthu wina wa pa WhatsApp amene anawalonjeza ntchito ya unamwino ku Ulaya, mpaka pano foni yake siikupezeka, ndimawathokoza mayi aja chifukwa cha mawu omwewo.

Anatifotokozeranso chinthu chomwe ambiri sitichidziwa. Malawi ali pa mndandanda wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, wa mayiko omwe ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa, ndiye lamulo la ku Germany sililola makampani kapena maajenti wamba kubwera kudzalemba anthu ntchito za chipatala m'mayiko amenewa, ololedwa kutero ndi bungwe la boma lawo loona za ntchito basi, Bundesagentur für Arbeit. Munthu payekha akhoza kufunsira malo, palibe choletsa, koma ajenti wokuuzani kuti ndikupezerani ntchito ya unesi ku Germany mundipatse mamiliyoni awiri, ameneyo wayamba kale kuphwanya lamulo la dziko lomwe akuti akukutumizaniko. Zimenezi ine ndinazimvera m'kachipinda kameneka koyamba.

Kaphunzitsidwe kawo ndiye ndilibe nako mawu. Ndinakhalamo m'kalasi kangapo podikira mng'ono wanga nthawi ya chiperoni ija, kunja kuli nkhungu phiri osaoneka, ana avala majuzi athithikana pa mabenchi. Pa bolodi madamu amagwiritsa ntchito choko cha mitundu itatu, timawu toyamba kutchulidwa pa dzina la chinthu chilichonse m'Chijeremani, der amalemba ndi cha buluu, die chofiira, das chobiriwira, ndipo salola mwana kuloweza liwu popanda kamutu kake, ukangoti Tisch (tebulo) osati der Tisch akubweza pomwepo. Amafanizira zinthu ndi Chichewa chathu chomwe, ndi pamene ndinaona kuti awa ndi mphunzitsi weniweni. Anati mwana wa ku Malawi asavutike ndi du ndi Sie, chifukwa ndi iwe ndi inu basi, apongozi sungawanene kuti iwe, bwana wa pantchito chimodzimodzi, ukadikire iwo akuuze okha kuti tizitchulana du. Ana onse anangoti aaa, nkhani yatha pomwepo.

Manambala ndi omwe anamuliza mng'ono wanga. Ajeremani 21 amayamba kutchula 1 kenako 20, einundzwanzig, ndiye mwana amamva 45 iye nkulemba 54. Madamu anamuuza kuti Loweruka lililonse akamandithandiza kugulitsa aziwerenga chilichonse m'Chijeremani, ndiye mumuone mtsikana ataima pa mulu wa zinanazi ndi mapeyala akung'ung'udza yekha, makasitomala kumamuyang'ana ngati wayamba kupemphera m'malilime, chenji akubweza akutchula m'Chijeremani chamumtima. Pakutha mwezi zinalowa. Za nthawinso anazikhomerera kwambiri, akuti halb acht si hafu pasiti eyiti ayi, ndi 7:30, ndipo ukafika mochedwa ndi ola lathunthu tsiku loyamba kwa Mjeremani mbiri yako yaipa kale. M'kalasi mwawo chitseko amatseka nthawi ikangokwana, wochedwa amayima panja mpaka bureki, ena amadandaula kuti mayiwa ndi ankhanza koma ine ndinagwirizana nazo.

Mu March chaka chomwecho kunabwera namondwe Freddy, inu a kuno mukudziwa momwe zinalili, milatho kukokoloka, anthu kutaya abale, ana ena a m'kalasimo ochokera cha ku Muloza ndi ku Phalombe osatha kudutsa. Kalasi inaima pafupifupi mwezi. Madamu sanatilipiritse mwezi umenewo ndipo atatsegulanso anabwereza mitu yonse kuyambira pomwe anasiyira. Sikuti ndi zachiphunzitso zimenezi koma kwa ine zinandionetsa mtima wa munthu.

Tsopano zondiwawa, chifukwa zilipo ndithu. Choyamba, sanatiuze poyambirira penipeni kuti fizi yomwe tikulipirayo mulibe ndalama ya mayeso. Ine ndimadziwa kuti akamaliza A1, gawo loyamba la chiyankhulochi (pamwamba pake pali A2, B1, B2), madamu apereka setifiketi basi. Patatha miyezi inayi ndi pamene akutiuza kuti pepala lawo iwo ndi longosonyeza kuti mwana anaphunzira, lomwe limalemekezedwa kunja ndi la mabungwe ngati Goethe-Institut, telc kapena ÖSD, ndipo mayeso ake amalipiridwa paokha. Ife tinasankha kukalembera ku Goethe-Institut ya ku Dar es Salaam, ndiye werengerani nokha, basi kuchoka pano kupita ku Blantyre, kukwera mpaka ku Karonga, kudutsa pa boda ya Songwe, Mbeya, mpaka ku Dar, malo ogona, chakudya, mwana wamkazi woti sanatulukepo m'dziko muno, ndinachita kumuperekeza ndekha nkusiya bizinesi sabata yathunthu. Ndalama ya ulendo umenewu inaposa fizi yonse yomwe tinalipira pa Chitakale. Zikanakhala kuti ananena tsiku loyamba lija ndikanayamba kusungira padera, sindikanakongola ku banki mkhonde mothamanga chonchija. Ndinawauza madamu maso ndi maso, anapepesa, ndamva kuti pano amanena poyamba, koma inu mukapita mukafunse nokha.

Chachiwiri, ana ndi ochuluka kuposa malo. Nthawi yathu analipo 20 ndi kuposerapo m'chipinda choti bwenzi mukukhala anthu 12, ndipo mayeso a A1 ali ndi zigawo zinayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, uyenera kupeza 60 pa 100 kuti ukhoze. Kuwerenga ndi kulemba zimatheka pagulu, koma kuyankhula kumafuna mwana aliyense atsegule pakamwa, ndiye pa ola limodzi ndi theka wina amatuluka asanatchule ndi liwu limodzi lomwe, makamaka atsikana amanyazi aja okhala kumbuyo. Kumvetsera amadalira kasipika kamodzi kolumikiza ku foni, magetsi akazima batire nkutha ndiye madamu amangowerenga okha, chonsecho mawu a madamu ana anawazolowera, pa mayeso amamva mawu a Ajeremani enieni othamanga ngati akulengeza sitima. Mng'ono wanga anakhoza, koma gawo la kumvetsera anachita kukwawa. Amene ali ndi foni yabwino ndi bandulo aziwonjezera yekha kunyumba, pa webusaiti ya Deutsche Welle, wayilesi ya ku Germany, pali maphunziro aulere, ife tinawadziwa mochedwa.

Chachitatu, kalasiyi ndi yamphamvu pa A1 ndi A2, ikafika B1 imayamba kupepera chifukwa ana amakhala atsala atatu kapena anayi ndipo madamu nthawi yambiri amaipereka kwa atsopano omwe ali ambiri. Amene cholinga chake ndi kuchoka kuno ali ndi B1 kapena B2 kuti akalowe Ausbildung, maphunziro a ntchito omwe umaphunzira uku ukugwira ntchito, mwachindunji, akambirane nawo bwinobwino za maola ake asanalipire.

Njira yomwe mng'ono wanga anadutsa ndi ya au pair, yokakhala pa banja la kumeneko nkumawathandiza kulera ana. Madamu anatifotokozera malamulo ake koma banja analipeza yekha mwana pa intaneti, iwo anangomuthandiza kukonza kalata yodzifotokoza ndi kuyeserera mafunso a intavyu, mpaka kumuyimbira vidiyo kolo ngati iwo ndi mayi wa ku Germany. Au pair uyenera kukhala ndi zaka zosachepera 18 komanso usanakwane 27 pomwe ukufunsira viza, Chijeremani cha A1, ukakhala pabanjapo osapitirira chaka chimodzi, ntchito yolera ana ndi tintchito ta m'nyumba maola osaposa 30 pa sabata, amakupatsa chipinda, chakudya, inshuwalansi, ndi 280 euro pamwezi ya m'thumba. Anatichenjeza kuti 280 imeneyo musaiwerengere mu makwacha nkuyamba kuumba njerwa, kumeneko ndi ndalama ya sopo, jekete ndi thiransipoti basi. Viza yake ndi 75 euro. Tikiti ya ndege tinagula tokha, ndipo inatipeza pa nthawi yoipa, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo womwe tinafunsa mu October pofika December unali wina. Apa madamu alibe mlandu, koma ndikunena kuti mudziwe kuti fizi ya kalasi ndi kachigawo kochepa ka ndalama zonse.

Ananyamuka kumayambiriro kwa 2024, kukafikira m'tauni ina yaing'ono kufupi ndi Stuttgart, m'nyengo yozizira, mdima kumagwa 5 koloko isanakwane. Masabata oyamba amalira pa foni, achemwali kuno anthu sapatsana moni pamsewu, Lamulungu mashopu onse otseka, ndikufuna nsima ya kalongonda. Komanso anapeza kuti a kumeneko ali ndi kayankhulidwe kawokawo kotchedwa Schwäbisch, kosiyana ndi Chijeremani cha m'buku, agogo a pabanjapo akayankhula iye amangogwedeza mutu. Koma zinthu zambiri zomwe zimasokoneza alendo iye anazidziwira pa Chitakale pomwe pano, zoti ukafika uyenera kukalembetsa komwe ukukhala ku ofesi ya tauni pasanathe masabata awiri, Anmeldung, zoti zinyalala amazisiyanitsa mapepala pawokha mapulasitiki pawokha, zoti botolo la pulasitiki sutaya umakabweza kushopu nkulandira 25 cent, zoti kalata iliyonse yobwera pa positi uyitsegule tsiku lomwelo chifukwa kumeneko boma limayankhula nawe kudzera m'makalata. Lachisanu lililonse madamu amasiya galamala nkumangokamba zimenezi, ana ena amaona ngati nkutaya nthawi, wanga amati phunziro la Lachisanu ndi lomwe linamupulumutsa.

Ali konko anapitiriza sukulu ya chiyankhulo madzulo, banja lija limathandizirako fizi monga mwa lamulo la au pair, anakhoza B1, chaka chitatha analowa FSJ, chomwe ndi chaka chodzipereka, pa nyumba yosamalira okalamba, uko akulimbana ndi B2. Pano wayamba Ausbildung ya unamwino, anafunsira yekha ali komweko, ndi ya zaka 3, masabata ena m'kalasi ena pa wodi, ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi opitirira 1,000 euro asanadule msonkho ndi inshuwalansi. Setifiketi yake ya MSCE inafunika kumasuliridwa m'Chijeremani ndi womasulira wovomerezeka komanso kuunikidwa ndi ofesi ya maphunziro ya kumeneko, zinatenga miyezi, ndiye amene MSCE yake ili ndi mabowo ayambe wakonza kaye zimenezo. Ntchitoyo si yamasewera, kusambitsa okalamba, kuwatembenuza, kuwasintha, mashifiti a m'mamawa kunja kuli chisanu, ndipo lendi ya kachipinda kake imadya gawo lalikulu. Amatumiza kangachepe, mayi athu akudya bwino, koma aliyense woganiza kuti mwana akangotera ku Frankfurt ndiye kuti kwathu kwagwa mana adzakhumudwa ndipo adzamuvutitsa mwanayo pachabe.

Njira ya yunivesite madamu amaifotokozanso koma amanena chilungamo kuti kwa ambiri a ife ndi phiri, chifukwa ngakhale mayunivesite ambiri a boma kumeneko salipiritsa fizi yeniyeni, pofunsira viza uyenera kuonetsa ndalama yodzisamalira chaka chonse mu akaunti yotsekedwa, yomwe kuyambira September 2024 inafika 11,904 euro. Ndani wa pa esiteti ya tiyi angaipeze imeneyo.

Ndiye mukandifunsa kuti mwana wanga ndimupititse pa Chitakale paja, ine ndikuti mupititseni, makamaka ngati akuyamba kumene, koma mukhale naye pansi kaye mumufunse ngati ali wokonzeka kuwerenga tsiku lililonse kwa chaka kapena kuposerapo, chifukwa mwa anzake omwe anayamba nawo ambiri anasiyira panjira, ena ndalama, ena anangotopa ataona kuti ndege siikubwera msanga. Mukafunse za mtengo wa mayeso, za komwe akalembere, ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi yomwe akalowe, ndipo ngati ilipo ya m'mawa musankhe imeneyo, imakhala ndi anthu ochepa.

Lamulungu lapitali anayimba vidiyo kolo tili pakhonde ndi amayi, nyengo ino nthawi yawo ndi yathu ikufanana ndiye sitivutika kupangana. Anati achemwali mukadutsa pa Chitakale mukawauze madamu kuti agogo ena pa wodi andiuza kuti ndiziwatchula du. Ndinapita Lachiwiri kukawauza, ndinawapeza ali pa bolodi ndi choko chofiira m'manja, anandiuza kuti ndidikire panja mpaka bureki.