Kadimba ka ma fairy: udzu wake ndi wabwino, koma kanyumba kowalako musapatse mwana

Ndapereka nyenyezi ziwiri, ndipo wogulitsayu asanyade nazo. Imodzi ndi ya mbewu ya udzu, inayo ndi ya beseni. Za kanyumba kowala kaja, kamene anakaika pakati penipeni pa chithunzi chawo, ana awiri akumwetulira pambali pake, kukanakhala kotheka kuchotsera nyenyezi ndikanachotsa zonse.

Ndi seti ija ya £34.99, kuwonjezerapo ya potumiza, imene imangokutsatirani pa Facebook mukangofufuza kamodzi zinthu za ana. Ndinagulira adzukulu anga pa tchuthi cha half-term cha kumapeto kwa Meyi. Kuno ku Bradford kuseri kwa nyumba yathu kulibe dothi, ndi simenti yokhayokha ndi mabini, ndiye zinanditopetsa kuona ana atatu ali khale pa sofa, aliyense ataweramira tabuleti, dzuwa likuwala panja, dzuwa loti kuno silituluka tsiku lililonse. Amene anayambitsa nkhaniyi ndi wachisamba, mtsikana wa zaka 9. Kusukulu anawauza za ku Cottingley, pafupi pomwepa, kumene mu 1917 atsikana awiri, Elsie Wright ndi Frances Griffiths, anajambula zithunzi ali ndi tianthu ta mapiko m'mbali mwa kamtsinje. Anthu ophunzira bwinobwino anakhulupirira, mpaka eni akewo atakalamba anadzaulula mu 1983 kuti tinali todula papepala, toimikidwa ndi mapini a zipewa. Zoti zinali zabodza mdzukulu wanga sizinamukhudze. Iye chake chinali choti ma fairy apeze pogona kuseri kwathu.

Katoni inafika pa nthawi yake, pamenepo sindinganame. Munali beseni la pulasitiki lobiriwira, tizinthu tiwiri tozungulira touma gwa ta ulusi wa kokonati m'malo mwa dothi, kapaketi ka mbewu ya udzu, timiyala toyera, kampanda, kabenchi, tibowa tofiira ta madonthomadontho, ma fairy awiri, ndi kanyumbako. Pa chithunzi kamaoneka kakakulu ndithu, koma kenikeniko kamakwana m'dzanja langa. Ana sanadandaule. Titathira madzi ofunda pa tozungulira tija, tinayamba kufufuma ngati mtanda wa mandasi mpaka beseni kudzaza, ana n'kumakuwa ngati aona matsenga. Madzulo tinayatsa kanyumba, timawindo n'kuwala chikasu, ndipo ndinagona ndikudzitama kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Zimene zandilembetsa izi zinachitika mawa lake masana. Ndinali kukhitchini ndikuphika, chitseko cha kuseri chili chotsekula, ana ndikuwaona pawindo. Wapakati, mnyamata wa zaka 6, analowa atanyamula kanyumba kaja. "Agogo, nyumba yasiya kuwala." Nditakatembenuza ndinapeza kachitseko ka mabatire kali pululu. Palibe sikuluwu, palibe ngakhale bowo loti sikuluwu ingalowepo, ndi kachivindikiro kongokanikiza koti chikhadabo cha mwana chikangokhudza kamatseguka. Mkatimo muli malo a timabatire titatu tija tozungulira ta LR44, ndipo malo onse atatu ali opanda kanthu. Ndinatuluka. Tiwiri ndinatipeza pasimenti pafupi ndi beseni. Kachitatu kulibe. Ndipo pomwepo pakhala wamng'ono, wa zaka ziwiri, manja ali bii, kukamwa kuli dothi, akutafuna.

Ndinamufunsa kuti wadya chiyani. Iye kungoseka. Ndinamutsekula kukamwa, munali ulusi wa kokonati ndi malovu basi. Achemwali ake akuti sanaone kanthu, achimwene ake akuti mwina anaponya. Ndinagwada n'kufufuza pansi pa mabini, m'ngalande, m'matumba a kabudula wake, m'thewera. Kulibe.

Amake anawa amagwira ntchito ya usiku kosamalira okalamba, ndiye anali mtulo kuchipinda cham'mwamba. Nditawadzutsa anangofunsa funso limodzi: "Amama, batire lake lotani?" Nditawaonetsa tiwiri tija m'dzanja, sanasambe ngakhale kumaso. Anamunyamula mwana, n'kundiuza kuti ndisamupatse madzi, ndisamupatse chakudya, ndisayesere kumusanzitsa, nditenge katoni ndi timabatire totsalato tizipita. M'galimoto ndi mmene anandifotokozera, mawu akunjenjemera, kuti kabatire kotere kakakakamira pakhosi sikafunika kuphulika kapena kudontha ayi. Kakangokhudzana ndi malovu, mphamvu yake imapanga mankhwala owotcha, ndipo m'maola awiri okha kakhoza kuboola kummero. Choopsa n'chakuti mwana amatha kumaoneka bwinobwino, kumaseka ngati mmene ankasekera wathuyu pampando wakumbuyo, akuimba nyimbo ya kusukulu ya mkaka. Ine msewu wonse ndinali kungopemphera chamumtima, maso ali pa khosi la mwana.

Kuchipatala, titangotchula mawu akuti batire, sanatisiye pa mzere. Anamujambula ekisileyi mwachangu, ndipo kudikira zotsatira kuja ndi kumene sindidzaiwala: mwana wanga ali chiimire, yunifolomu ya dzulo ili m'thupi, osafuna kukhala pansi. Dokotala anabwera n'kunena kuti m'thupi mulibe kanthu. Anatiyamikira kuti tinachita bwino kuthamanga. Tinabwerera kunyumba kutada, nsima ili pa chitofu itauma, ana awiri aja ali kwa aneba, wamkuluyo maso atatupa ndi kulira poganiza kuti mlandu ndi wake poti ndiye anapempha seti. Kabatire kachitatu kanapezeka m'mawa mwake, bambo a anawa atakhuthulira beseni lonse panyuzipepala n'kumasefa ndi zala. Kanali katakwiriridwa m'dothi, kuya kwa chala cha mwana. Akuti ankadzala.

Tsono imvani za wogulitsa. Ndinawalembera ndi zithunzi zonse: kachivindikiro, mabatire, kalata ya kuchipatala. Yankho loyamba linali la makina, londithokoza pogula kwa iwo. Lachiwiri linachokera kwa munthu, ndipo bola la makina lija. Akuti katundu wawoyo si choseweretsa ana koma chokongoletsa m'dimba, akuti pansi pa katoni analemba kuti ndi cha azaka 14 kupita m'tsogolo, ndipo akuti ana aang'ono amafunika kuyang'aniridwa ndi munthu wamkulu nthawi zonse. Kundiphunzitsa ine kulera ana. Ndalera anga, ndalera a achemwali anga, ndipo wina amene sanandione n'komwe akundiuza kuti ndiziyang'anira mwana. Za mwanayo sanafunse ngakhale kamodzi kuti ali bwanji. Kumapeto anandipatsa vocha ya 10% yoti ndikagulirenso kwa iwo.

Ndinakatenga katoni ija. Zoonadi 14+ alembapo, pansi penipeni, timalemba toti ndinachita kuvala magalasi n'kupita pawindo. Koma ana ali pa chithunzi chawo chotsatsira malonda sanafike ngakhale zaka 7, ndipo ndani wa zaka 14 amene amalirira kabenchi ka ma fairy? Pa katoni palibe chizindikiro cha CE kapena UKCA chimene chimakhala pa zidole za ana kuno. Tengani zidole za mabatire zimene zili m'nyumba mwanu, mupeza kuti zambiri popanda sikuludiraiva simutsekula. Awa apeza njira yozembera: kutsatsa amatsatsira agogo ndi adzukulu, zikavuta akuti ndi chokongoletsa.

Nditawakumbutsa za Consumer Rights Act 2015, kuti katundu wolakwika munthu ali ndi masiku 30 omubweza n'kulandira ndalama yake yonse, anati chabwino, koma ndibweze seti yonse mmene inabwerera, dothi ndi mbewu zomwe, ndipo potumiza ndilipire ndekha. Dothi loti lafufuma kale, mbewu yoti ana afesa. Mwana wanga ndiye anaimbira a Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu, amene anatilangiza bwino n'kunena kuti nkhaniyo aipereka kwa a Trading Standards, aboma oona ngati ogulitsa akutsata malamulo. Titangolemba zimenezo mu imelo yotsatira, anayankha munthu wina, mayi waulemu wake, amene anayamba ndi kufunsa za mwana ndi kupepesa. Anabweza £12 ya kanyumba ndipo anati adziwitsa akuluakulu ake. Mayi ameneyo ndilibe naye mawu. Ndalama yake ndi yochepa, sikwana ngakhale mafuta ndi malo oimika galimoto kuchipatala, koma anayankhula ngati munthu.

Chimene chandivuta n'chakuti ndinkafuna kutaya zonse m'bini, koma ana anakana, ndipo pano sindingabise kuti kadimbako akukakonda. Beseni silinabwere ndi mabowo pansi, ndiye mvula ya kuno itangogwa linasanduka dziwe, kabenchi n'kumayandama. Bambo a anawa anaboola ndi dirilo mabowo angapo, tinaika timiyala pansi, vuto linatha. Mbewu ya udzu ija, ngakhale inakhuthulidwa ndi kusefedwa, inamera patangopita sabata ndi masiku pang'ono, yothithikana, yobiriwira bwino. Mnyamata uja ntchito yake tsopano ndi kumweta ndi sizasi ya kusukulu, ndipo salola wina kukhudza. Akadzuka, asanafunse za tabuleti, amayamba watuluka kukaona ngati nkhono zija zopanda chigoba zalowamo usiku.

Nyumba tinamanga tokha. Tinakatola timitengo touma ku Lister Park, tinazika mozungulira, tinamanga ndi ulusi, denga n'kufolera ndi udzu wouma. Ndinawaonetsa mmene amaphomera, ngakhale dongo la m'sitolo limasungunuka likanyowa, moti timaphomanso pafupipafupi ndipo iwo ndiye kukondwa kwake. Kenako anafuna nkhokwe nditawafotokozera kuti chimanga chimasungidwa kuti, kenako khola, kenako ng'ombe zadongo zoti zilowe m'kholamo. Ana obadwira kuno, oti Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, pano akukangana kuti nkhokwe iime mbali iti. Nditatumiza chithunzi pa gulu la amayi a kumpingo pa WhatsApp, mnzanga wina anandiimbira kufunsa ngati ndayamba kumanga kachisi kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza kuti abwere adzathire yekha nsembe.

Zina zonse za mu seti n'zapakatikati. Kampanda kanathyoka msanga. Tibowa tayamba kusuluka. Fairy mmodzi phiko linachoka ndipo guluu akukana kugwira, moti wachisamba uja amadula ake papepala n'kuwabaya pa timitengo totokosera m'mano. Timiyala toyera ndi tibowa ndinazichotsa kaye poti wamng'onoyu chilichonse chimathera kukamwa. Tinawonjezera thyme ndi timaluwa tija tonenepa masamba totchedwa sempervivum, togula kumalo ogulitsa mbewu, poti akuti sitifa ndi chisanu cha kuno, ndipo thymeyo ndimathyolako pophika nkhuku.

Ngati mwagula kale, tembenuzani kanyumbako lero lomwe, chotsani mabatire onse atatu, muwawerenge, ndipo musawataye m'bini ya kukhitchini mmene mwana angafikire. M'masupamaketi ambiri muli mabokosi otayamo mabatire. Ngati simunagule, beseni lakale lochapira, thumba la kompositi ndi paketi ya mbewu ya udzu sizingakufikitseni pa £34.99. Ndayang'ananso tsamba lawo ndisanalembe izi: chithunzi chikadali chomwe chija, ana aja akumwetulirabe pambali pa kanyumba, ndipo za 14+ sanalembe paliponse pamene wogula angaone asanalipire. Vocha ya 10% ija akundikumbutsabe pa imelo kuti yatsala pang'ono kutha.